Sayansi ya Sitandade 5 popanda labu: tiyambire pati?

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi pempho kwa aphunzitsi anzanga ndi makolo omwe. Teremu ino andipatsa sayansi ya Sitandade 5, pomwe zaka zonsezi ndakhala ndili ndi ana aang'ono a Sitandade 2. Buku la mphunzitsi ndili nalo, koma mabuku a ana ndi ochepa moti limodzi amaunjikirana gulu lonse. Labu kulibe, magetsi kulibe, ana ndi oposa 100. Chondivuta kwambiri n'chakuti anawa angochoka kumene ku Sitandade 4 komwe zambiri amamva m'Chichewa, lero buku likuwayankhula m'Chingerezi za madzi, nthaka, kutentha ndi mpweya. Ndikafunsa funso amangondiyang'ana. Ndikalemba manotsi pabolodi amakopera bwinobwino, mawa lake mutu uli mbee. Inu amene munadutsamo, munkayambira pati?

A Mbewe, hedi wopuma: Madamu, takulandirani ku sayansi. Choyamba mawu akuti labu kulibe muwaike kaye pambali. Mukukumbuka TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo? Ambiri amaitenga ngati nkhani yomata zithunzi pakhoma a PEA, alangizi oyendera masukulu aja, akamabwera, chonsecho pa sayansi m'pomwe imagwira ntchito yeniyeni. Mwana aliyense m'kalasi mwanumo anaonapo mphika ukuwira. Afunseni kuti madontho amene amalendewera kunsi kwa chivindikiro amachokera kuti, pomwe chivindikirocho chinali chouma. Asiyeni akangane. Wina adzati madzi adumpha, wina adzati chivindikiro chachita thukuta. Kenaka bwerani ndi mbaula, kaketulo ndi mbale yachitsulo yozizira, aone okha nthunzi ikugunda mbale n'kubwerera kukhala madzi. Mukatero nkhani ya mitambo ndi mvula mwaidula pakati.

Mafunso ena ali kukhitchini komweko. Bwanji mayi amatakasa nsima ndi mthiko osati supuni yachitsulo? Bwanji madzi a mumtsuko amazizira kuposa a m'chigubu, zonse zili m'nyumba imodzi? Pa mtsukopo ana amadabwa akamva kuti dothi lowotcha lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, madzi amatulukira pang'onopang'ono, ndipo akamauma kunjako amachoka ndi kutentha kwa m'kati. Mitu ina mwa imeneyi mudzakumana nayo ku Sitandade 6 kapena 7, koma kuyamba kuwazoloweretsa kufunsa sikulakwa. Za chiyankhulo musadzipweteke nazo mutu. Fotokozani m'Chichewa mpaka amve, kenaka muwapatse mawu a Chingerezi a chinthu chimene achiona kale ndi maso.

Make Tadala: Pepani a hedi, ine ndine kholo chabe, za uphunzitsi sindizidziwa. Koma zoyatsa mbaulazi nthawi yake ichokera kuti? Piriyodi imodzi siikwana ndi ola lomwe, makala asanakolere belu lalira. Ife makolo maso athu ali pa Sitandade 8. Mwana akalemba mayeso a MANEB timafuna dzina lake lituluke kusekondale yogonera konko, osati kumangomva kuti wakhoza koma sanasankhidwe. Pepala limafuna yankho la m'buku, m'Chingerezi. Ine ndimaona kuti mphunzitsi wolembetsa manotsi ndi kupereka mafunso a zaka zam'mbuyo ndi amene amatiwombolera ana.

A Banda a ku CDSS: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma ana amanotsiwo amadzathera m'manja mwathu ku Fomu 1. Kale inali Physical Science imodzi, pano anaigawa, Physics payokha Chemistry payokha, ndiye katundu wakula. Mwana amabwera ataloweza tanthauzo lonse osaphonya ndi liwu limodzi, koma mukamupatsa batire, waya ndi babu kuti ayatse, manja amanjenjemera. Ambiri, makamaka atsikana, amagwa ulesi n'kumati sayansi ndi ya anthu a mitu yapadera, chonsecho vuto n'lakuti sanagwirepo kanthu. Ndipo pa MSCE pali pepala la pulakitiko, pamenepo manotsi sakuthandiza. Kuti kuloweza kumamufikitsa mwana pa Sitandade 8, sindikutsutsa. Kupitirira apo kumamutaya panjira.

A Mbewe: A Banda mwandikumbutsa nkhani. Chaka china tinabwereka themomita yaitali ija ya mu labu kusekondale yoyandikana nafe kuno ku Dedza. Buku likuti madzi amawira pa madigiri 100. Tinawiritsa madzi mpaka kubwata, ana kuwerenga, 95. Kuwonjezera makala, kukupiza, 95 yomweyo. Kalasi yonse inagamula kuti themomita ndi yakufa, poti buku silinganame.

A Banda: Kkkk inali yamoyo imeneyo bambo. Dedza ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Munthu ukamakwera, mpweya wokupsinja kuchokera kumwamba umachepa, ndiye nthunzi siivutika kuthawa m'madzi, madzi amawira asanafike pa 100. Pa mamita 300 alionse imachoka pafupifupi digiri imodzi. Ku Nsanje, komwe n'kotsika kwambiri, mupeza pafupi ndi 100. Pamwamba pa Sapitwa, mamita 3,002, ndi cha m'ma 90. N'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kumapiri. Madzi akuwira ndithu, koma sakutentha ngati a kuchigwa.

Make Tadala: Ndiye pamayeso mwanayo alembe chiyani, 95 kapena 100? Mwaona zimene ndimanena zija?

A Mbewe: Alembe 100 mayi, akudziwa kuti 100 ameneyo ndi wa kugombe la nyanja yamchere. Ana a chaka chimenecho nambala imeneyi sanaiiwale, poti anakangana nayo mpaka panjira popita kwawo. Amene amangokopera ndi amene pamayeso amasokoneza, kulemba 100 pa funso la madzi oundana.

Wa ku Joni: A hedi, za nthunzi kusanduka madzizo ife tinaphunzira kwa azakhali otcheza kachasu sukulu isanatiuze kkkk. Mtsuko pamoto womata bwino, paipi kudutsa m'madzi ozizira, kumapeto botolo likulandira madontho. Madamu angowatenga anawo ulendo wa m'mudzi basi, phunziro latha.

Make Tadala: Achimwene, wanga yekha asapite nawo ulendo umenewo chonde.

A Banda: Nthabwala pambali, sayansi yake ndi yomweyo. Mowa umawira pa madigiri 78, madzi amachedwerapo, ndiye choyamba kutuluka chimakhala mowa wambiri. N'chifukwa chake botolo loyamba limakhala laukali kuposa otsatira. Koma kupulaimale ine sindingazitengere m'kalasi, makolo angakuyendereni. Sungunulani mchere m'madzi, wiritsani, ana alawe madontho a pambale yozizira ija. Apeza kuti alibe mchere, mchere watsala m'ketulo. Apo mwayankhiratu funso lakuti bwanji mvula siikhala yamchere pomwe chinyezi chambiri chimene chimatigwetsera mvula chimachokera kunyanja zamchere.

Nachisale: Zikomo kwambiri, ndikulemba zonsezi. Koma moto pakati pa ana 100 ukundiopsa. Ena ndi osamva, amakankhana.

A Mbewe: Moto ndi wa inu nokha, panja, ana atakhala pansi mozungulira chapatali, a kutsogolo pansi a kumbuyo chiimire. Makala muyatsiretu nthawi ya buleki. Zina zonse zosafuna moto agawireni m'magulu, gulu lililonse libwere ndi mabotolo ake. Mukawatuma ana mabotolo apulasitiki mudzachita kuwakaniza, adzabwera ochuluka.

Nangozo wa zaumoyo: Ndilowereko pang'ono ngakhale sindine mphunzitsi. Ntchito yanga ndi ya zaumoyo m'midzi ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo m'masukulu timafikamo. Pali phunziro lina limene aphunzitsi amalikonda, losefa madzi ndi botolo lodula, nsalu, makala, mchenga ndi timiyala. Madzi amatope amatuluka oyera, ana n'kuwomba m'manja. Chonde madamu, tsiku limenelo musatuluke m'kalasi musananene kuti madzi amenewo si akumwa. Mchenga umagwira matope, koma tizilombo ta kolera timadutsa. Tonse tikukumbuka 2022 mpaka 2023, kolera inafika maboma onse, inatenga anthu oposa 1,700, masukulu a m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre mpaka anachedwa kutsegulira mu Januwale. Madzi osefawo awiritsidwe, apo ayi athiridwe klorini kapena WaterGuard n'kudikira mphindi 30. Mwana akaphunzira theka lokha la nkhaniyi akakamwetsa mng'ono wake madzi a padambo ali ndi chikhulupiriro chonse kuti aphunzitsi anatero.

Za madzi kuuma ndi dzuwa, ana a kuno safuna buku. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndiye chochotsa madzi ndi dzuwa ndi mphepo basi. Inaphwa mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhala pamatope ong'aluka, matemba kusowa pamsika. Poti madzi amachoka mchere n'kutsala, madzi ake amamveka kamchere, zomwe zija a Banda anena za ketulo.

A Banda: Achemwali mwanena zofunika. Ndiwonjezere china chimene ana amachikonda kuposa zonse. Viikani chidede m'madzi otentha, mupeza madzi ofiira. Gawani m'makapu atatu oonekera m'kati. M'kapu yoyamba finyirani ndimu, yachiwiri thirani chidulo kapena soda, yachitatu isiyeni kuti muziyerekezera. Ya ndimu imawala kufiira, ya chidulo imatembenuka kukhala yobiriwira modera. Ana amakuwa, ati matsenga. Ife ku Fomu 2 timachita zomwezi ndi timapepala togula, koma chidede chimagwira ntchito imodzimodzi, chimasiyanitsa za asidi ndi zotsutsana nazo. Ayesenso malambe, bwemba, sopo, phulusa. Ndipo chidulo chenichenicho ndi phunziro la kusefa, agogo akamathira madzi paphulusa m'chitini chobowola.

Nangozo: Bola muwauzenso kuti soda wambiri m'ndiwo zamasamba amapha mavitamini. Ife timalimbana nazo tsiku ndi tsiku kusikelo.

Wa ku Joni: Tsopano ndinene zenizeni, poti ntchito yanga kuno ku Johannesburg ndi ya magetsi. Mwana wanga ali Giredi 5, phunziro lawo amati Natural Sciences and Technology, ndipo zimene anamutuma kusukulu ndi zomwezi, mabatire awiri, babu ya tochi ndi waya. Palibe chodula. Madamu pezani tochi yakufa ndi wailesi yakufa. Kuseri kwa sipika ya wailesi kuli maginito amphamvu, ana ayende nawo pamchenga aone timachitsulo takuda tikukakamira, ayese msomali, chitini cha zakumwa, waya wa kopa. Adzadabwa kuti si chitsulo chilichonse chimene chimakokedwa. Pa magetsi, lumikizani batire ndi babu koma musiye mpata pawaya, ana aziika zinthu pampatapo, msomali, kandalama, kamtengo, pulasitiki, mtima wa pensulo. Babu ikayaka ndiye kuti chinthucho chimadutsitsa magetsi. Mtima wa pensulo si chitsulo koma babu imayaka mwa chizimezime, pamenepo m'pomwe mkangano umakoma. Chimodzi chokha muwauze mobwerezabwereza. Batire ya tochi ndi mavoti 1.5, soketi ya pakhoma ndi 230, imapha. Mwana akazolowera kugwira waya kusukulu asakayese kwa amalume ake kutauni. Mabatire akutha asamawaswe kapena kuwaponya pamoto.

A Banda: Kwathu kuno ku Kasungu nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ana amaidziwa. Anasiya sekondale chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kumakabwereka mabuku a sayansi kukalaibulale ka pasukulu ya pulaimale. Chingerezi chake chinali chochepa, ankatsatira zithunzi. Anamanga makina amphepo ndi mitengo ya bulugamu, mapaipi apulasitiki, njinga yakale ndi dainamo, n'kuyatsa babu kwawo ali ndi zaka 14. Anthu pamudzi ankamuyesa wamisala pomwe ankatola zitsulo kudzala.

Make Tadala: Koma pamapeto pake anabwerera kusukulu, kulemba mayeso mpaka kukafika ku yunivesite ku America. Sanangokhala ndi dainamoyo.

A Banda: Anabwereradi mayi. Koma chinamubwezera kusukulu ndi makina omwewo, anthu atawaona.

Wa ku Joni: Ndipo dainamo ya njinga imeneyo mukaipeza madamu musaitaye. Mfundo yake ndi yomweyo ya makina a EGENCO ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, maginito kuzungulira pafupi ndi waya wokulungakulunga. Panjinga chozunguza ndi tayala, kumeneko ndi madzi a mu Shire.

Alangizi a ku Phalombe: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma mwafika pa Shire ndiye mwalowa m'munda mwanga. Ine ndi mlangizi wa zaulimi. Madamu, magetsi a achimwenewa ndi nthaka musaziphunzitse ngati nkhani ziwiri zosadziwana. Dothi lokokoloka m'minda ya m'mbali mwa Shire ndi mitsinje yothiramo limakathera m'madamu a makina aja, pamodzi ndi udzu ndi zinyalala, madzi ozunguza makina n'kuchepa mphamvu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mwana amene kwawo kulibe ndi babu yomwe amamvabe nkhaniyi, poti chigayo chikaima amene amabwerera ndi chimanga pamutu ndi iyeyo.

Chochita n'chophweka. Tengani zigubu zitatu za malita 5, muzidule cham'litali, pakamwa posatseka. M'choyamba ikani dothi lokhalokha. M'chachiwiri dothi lomwelo koma mwaphimba ndi mapesi kapena udzu wouma. M'chachitatu ikani chibuma chimene mwachisema ndi kapinga wake yemwe, mizu ili momwemo. Zipendeketseni mofanana, thirani madzi ofanana ndi chitini chobowolabowola, pakamwa pa chigubu chilichonse tcherani botolo loonekera m'kati. Loyamba lidzadzaza msanga ndi madzi ofiira, lachitatu madzi ochepa komanso oyererapo. Musawauze yankho, afunseni kuti dothi la m'botolo loyambalo likanakhala la m'munda mwa bambo awo, feteleza wa thumba lodula lija akanapita kuti. Mukatha apo tulukani nawo akaone chigwembe chapafupi, sukulu iliyonse ili nacho. Mawu ngati akalozera, vetiva ndi kuphimbira adzalowa okha. Ngati pafupi pali mtengo wa msangu aonetseninso, umayoyola masamba nthawi ya dzinja mitengo ina ikuphuka, ndiye chimanga pansi pake chimapeza dzuwa ndi chonde chomwe.

Nachisale: Alangizi zikomo, chigwembe tili nacho kuseri kwa zimbudzi, chikukula chaka ndi chaka. Ndifunse china chimene chikundisowetsa mtendere. Tikukamba za nyengo mwana wina anati mphezi imene inapha ng'ombe kwawo inachita kutumizidwa ndi munthu, ndipo kalasi yonse inavomereza. Wina anati ukavala zofiira mphezi imakutsata. Ndinangoti tidzakambirana. Ndiziyankha bwanji osanyoza makolo awo?

A Banda: Apa ine sindizungulira. Auzeni kuti si zoona. Mphezi ndi magetsi amene amaunjikana m'mitambo madontho ndi timatalala tikamakhulana, akachuluka amadumphira pansi podzera pa chinthu chachitali chapafupi. Siidziwa dzina la munthu, siiona mtundu wa malaya. Tikamanyengerera nkhani zimenezi mapeto ake timawadziwa, agogo osalakwa kuwotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene. Lamulo la za ufiti la 1911 mpaka limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Sukulu ikakhala chete ndani adzanene?

Alangizi: A Banda, pa mphezi yotumiza ndili nanu, poti pamenepo pali munthu amene akulozedwa chala. Koma mawu akuti "si zoona" musawagwiritse ntchito paliponse. Kwathu kuno mukauza mwana kuti napolo, chinjoka chimene amati chimagumula phiri chikamasamuka, ndi bodza, adzakuonani ngati mlendo wosadziwa kanthu, ndipo zina zonse zimene munganene adzazitaya. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi linatsitsa madzi, matope ndi miyala ikuluikulu pa Phalombe, midzi inafafanizika. Ku Zomba zinachitika mu 1946. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabwereza. Agogo a mwanayo anaona ndi maso, anamva kulira kwake phiri likutsika, anaika maliro. Akamati napolo wadutsa akunena chinthu chimene chinachitikadi, ndipo amadziwa makwalala amene amadutsamo, n'chifukwa chake akale malo ena sankamangapo. Chimene ine ndimachita ndikamacheza ndi ana a sukulu n'kuwafunsa kuti napolo amadutsa liti. Amayankha okha kuti mvula ikagwa masiku angapo osalekeza. Amadutsa kuti? M'makwalala a phiri. Ndiye timaunjika dothi pathabwa lopendekeka, kumathira madzi pang'onopang'ono. Poyamba dothi limamwa, kenaka limalemera, madzi amalowa pakati pa dothi ndi thabwa, mwadzidzidzi lonse limatsetsereka nthawi imodzi. Ndikatero sindinena kuti njoka ilipo kapena kulibe. Mwanayo waona chimene madzi amachita, zotsalazo adzasinkhasinkha akamakula.

A Banda: Koma pamenepo simukuthawa funso alangizi? Mwana akakufunsani maso ndi maso kuti njokayo ilipo?

Alangizi: Akandifunsa ndimamuuza kuti ine sindinaionepo, ndipo onse amene anakafufuza m'malo mogumukamo anapeza madzi, dothi ndi miyala. Koma ndimadikira afunse yekha.

Make Tadala: Nkhani iyi yandikhudza. Ife tili ku Blantyre, ndipo za ku Chilobwe kunsi kwa phiri la Soche sitinachite kumva pa wailesi. Ana athu anataya anzawo a m'kalasi. Mpaka lero kukachita mdima wa mvula Tadala amakana kugona. Kusukulu anangowauza kuti n'chifukwa chodula mitengo, mwana n'kubwera kunyumba kudzandifunsa ngati ndife tinapha anthu poti timaphikira makala. Ndinasowa chonena.

Alangizi: Pepani mayi. Apo m'pomwe yankho lachidule la m'manotsi limapweteka. Mitengo imathandiza, mizu imagwira dothi, ndipo phiri lometedwa ndi nyumba zomangidwa pamtsetse zinakulitsa ngoziyo, zimenezo n'zoona. Koma mvula ya Freddy inali yoposa muyezo, inagwa masiku otsatizana, moti kuno ku Mulanje ndi Phalombe malo ena anagumuka ndi mitengo yake yomwe. Mwana auzidwe zonse zitatu, kuchuluka kwa mvula, kutsetsereka kwa malo, ndi mmene anthu tasinthira phirilo. Auzidwenso zizindikiro, ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, mitengo kupendekeka, madzi a mumtsinje kusanduka matope mwadzidzidzi, mkokomo kuphiri. Mwana wodziwa choti ayang'ane mantha ake amachepako. Za makalazo musamusenzetse mlandu, mungomuonetsa kusiyana kwa nkhuni zimene zimatha pamafuwa ndi pa chitetezo mbaula, awerenge yekha.

A Mbewe: Ndibwerere ku mphezi ya madamu, poti masukulu ambiri makalasi ena ali pansi pa mtengo, ndiye iyi ndi nkhani ya moyo. Ine ndinkawaphunzitsa kuwerenga. Kukang'anima ayambe kuwerenga masekondi mpaka amve kugunda. Kuwala kumafika nthawi yomweyo, koma phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Kuti akhulupirire kuti phokoso limachedwa, tumani mwana mmodzi kumapeto kwa bwalo la mpira kapena kupitirira, amenye chitsulo cha belu. Anzake adzaona dzanja likutsika, kulira kubwera pambuyo. Akazolowera, mvula ikamabwera mumangomva kalasi yonse ikuwerenga chamumtima. Kenaka malamulo. Kukayamba kugunda achoke pansi pa mtengo, achoke pabwalo la mpira, padambo ndi m'madzi, alowe m'nyumba. Ng'ombe zija madamu mukafufuza mupeza kuti zinaunjikana pansi pa mtengo kapena zinali pamtetete. Mufunseni mwanayo mwaulemu kuti zinali pati. Za malaya ofiira ingowafunsani kuti nanga ng'ombezo zinavala chiyani.

Wa ku Joni: Kkkkk a hedi mwapha.

Make Tadala: Zowerenga masekondizi ndimuphunzitsa Tadala madzulo ano. Koma mafunso a zaka zam'mbuyo ndimugulirabe, musandiletse.

A Mbewe: Muguleni mayi, palibe wakuletsani. Madamu nawonso Lachisanu lililonse azipereka mafunso olemba m'Chingerezi pa zimene ana achita sabata imeneyo.

Nachisale: Ndathokoza nonse. Ndiyamba ndi ketulo ndi mbale, kenaka zigubu za alangizi mvula isanathe. Themomita ndikaipeza kuti? Achemwali a zaumoyo simungatibwerekeko?

Nangozo: Yathu ya kuchipatala ayi madamu, imalekezera cha m'ma 42, ndi yoyezera thupi. Mukaiviika m'madzi owira yatha. Pemphani kusekondale yapafupi kapena mufunse ku TDC, likulu la aphunzitsi la m'dera lanu.

Alangizi: Ine ndili ndi ganizo. Pagulu pano tili Dedza, Kasungu, Blantyre, Phalombe, ku Chilwa, ndi kwa madamu. Bwanji ana a malo onsewa aziyeza mvula, ife tizitumizirana manambala pano, madamu azilemba pabolodi? Ana aone okha kuti mvula ya ku Phalombe si ya ku Kasungu. Choyezera ndi chitini kapena botolo lowongoka m'mbali, losapindika, pansi pake pafulati, kukamwa kofanana ndi thupi lake. Kuyeza ndi rula m'mamilimita, m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi, tinene 8 koloko, kenaka kukhuthula. Milimita imodzi ndiye kuti lita imodzi yagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Awerengetsere kuti padenga la kalasi yawo pagwa ndowa zingati, masamu alowa pomwepo.

A Banda: Ndavomera, a Fomu 1 anga alowa nawo. Botolo la zakumwa lija pansi pake pali mabampu, ndiye thirani kaye simenti pang'ono kapena timiyala ndi madzi mpaka pafanane, ziro wanu ayambire pamenepo. Liikidwe pamtetete, kutali ndi denga ndi mitengo.

Wa ku Joni: Nanenso mundiwerengere, mwana wanga aziyeza za kuno. Mvula yathu imagwa miyezi yomweyo, ndi matalala omwe.

A Mbewe: Likwirireni pang'ono kapena mulimangirire pachikhomo, ndipo muzungulize minga. Kwathu kuno mbuzi zikamwa madziwo mudzalemba kuti Dedza kuli chilala.

Nachisale: Nanga Loweruka ndi Lamulungu ayeza ndani?

A Mbewe: Mwana wokhala pafupi ndi sukulu, mumupatse rula ndi kope lake. Musankhe awiri, mtsikana ndi mnyamata, azisinthana ndi ena mwezi ukatha.